Mbiri ya Nkhani za Ofufuza Milandu ndi Nkhani za Makedzana

Mawu Oyamba

Munthu akaphunzira kuwerenga atakula kale, amayamba ndi zinthu zofunika pa moyo wake, monga kalata ya mwana wake, chikwangwani cha pamsewu, malangizo a pa botolo la mankhwala, kapena buku la mapemphero. Zimenezi ndi zabwino, koma nzochepa. Kalata imatha msanga, ndipo ina imachedwa kubwera. Tsono khasu likakhalitsa pakhonde osagwira ntchito limachita dzimbiri. Nzeru ya kuwerenga nayonso imatero.

Alipo mabuku ena amene sadalembedwe kuti aphunzitse ulimi kapena zaumoyo, koma kuti akondweretse owerenga. Mwa mabuku otere, mitundu iwiri ndiyo yakopa anthu ambiri m'maiko ambiri. Mtundu woyamba ndiwo nkhani za ofufuza milandu. M'nkhani zimenezi munthu amaphedwa kapena katundu amabedwa, wolakwa sadziwika, ndipo wina wanzeru amalondola zizindikiro mpaka kumupeza. Mtundu wachiwiri ndiwo nkhani za makedzana, zimene mlembi amapeka koma nkuziika pakati pa mafumu, nkhondo ndi mizinda imene idaliko ndithu. Kawirikawiri mabukuwa amatuluka motsatizana. Lina likatha lina limabwera, ndipo munthu yemwe uja wa m'buku loyamba amapezekanso m'lachiwiri ndi m'lachitatu.

Anthu ena amati kuwerenga zotere nkutaya nthawi. Koma mbiri ya mabukuwa ikusonyeza kuti iwo adakula pamodzi ndi anthu wamba amene anali atangophunzira kumene kuwerenga, ndipo kuti owerengawo ndiwo adachititsa kuti mabuku achuluke ndi kutsika mtengo.

Walter Scott ndi Nkhani za Makedzana

Zaka 200 zapitazo, ku Britain mabuku a nkhani zopeka anali a anthu olemera. Buku limodzi latsopano linkasindikizidwa m'zigawo zitatu, ndipo kuyambira m'chaka cha 1821 mtengo wake wozolowereka unali masheleni 31 ndi theka. Ndalama zimenezi zinkaposa malipiro a sabata ziwiri a munthu wolembedwa ntchito ya kumunda. Kuwonjezera apo, anthu osauka ambiri sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo.

M'masiku amenewo mumzinda wa Edinburgh, ku Scotland, munali loya dzina lake Walter Scott. Ali wamng'ono ankakonda kumvetsera okalamba akusimba za nkhondo ya m'chaka cha 1745, pamene mafuko a kumapiri a Scotland adaukira boma pofuna kubwezera ufumu ku banja la Stuart. M'chaka cha 1814 Scott adatulutsa buku lotchedwa Waverley. M'bukumo adapeka msilikali wachinyamata wa ku England, namuika pakati pa nkhondo yeniyeniyo, kuti aonane ndi atsogoleri amene adakhalakodi. Owerenga adaona ngati akuyenda nawo m'mapirimo, ndipo mbiri imene inali youma idasanduka yokoma.

Scott sadalembe dzina lake pabukulo. Mabuku ake otsatira, amene adaposa 20, ankangolembedwa kuti ndi a mlembi wa Waverley, ndipo anthu ankagula chifukwa cha mawu okhawo. Limodzi mwa mabukuwo ndi Ivanhoe, la m'chaka cha 1819, lonena za nthawi ya Mfumu Richard Woyamba. Scott adaulula poyera kuti ndiye mlembi m'chaka cha 1827. Kufikira lero siteshoni yaikulu ya sitima zapamtunda mumzinda wa Edinburgh imatchedwa Waverley, kutengera dzina la bukulo.

Buku Logulitsidwa Pang'onopang'ono

Funso lidatsala lakuti, kodi munthu wosauka angapeze bwanji buku? Yankho lake lidaoneka bwino m'chaka cha 1836. Mnyamata wina wa ku London wolemba nkhani m'nyuzi, dzina lake Charles Dickens, adayamba kutulutsa buku la The Pickwick Papers m'timagawo. Kagawo kamodzi kankatuluka mwezi uliwonse pa mtengo wa sheleni imodzi. Poyamba ogula anali mazana ochepa chabe, koma pofika kumapeto, m'chaka cha 1837, kagawo kamodzi kankagulidwa ndi anthu okwana 40,000. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Munthu amene sakadatha kupeza masheleni 31 tsiku limodzi ankatha kupeza imodzi pamwezi. Ndipo amene sankadziwa kuwerenga ankakhala pafupi ndi wodziwa, namamvetsera.

Ku France nako nyuzi zidayamba kusindikiza nkhani zopeka m'munsi mwa tsamba, kachidutswa lero, kena mawa. Katswiri wa ntchito imeneyi anali Alexandre Dumas, amene agogo ake aakazi anali mayi wachikuda wogwidwa ukapolo pa chilumba chimene lero chili ndi dziko la Haiti. M'chaka cha 1844 Dumas adalemba nkhani ya asilikali atatu a mfumu ndi mnzawo wachinyamata d'Artagnan, yochitika m'nthawi ya Mfumu Louis XIII. Anthu adaikonda kwambiri, kotero kuti Dumas adalembanso mabuku ena awiri, kulondola anthu omwewo mpaka ukalamba wawo. Alembi adaphunzirapo nzeru ina: kagawo kalikonse kazithera pamalo poti wowerenga atsale ndi ludzu lofuna kudziwa chimene chidatsatira.

Chiyambi cha Nkhani za Ofufuza

Nkhani za ofufuza milandu zidayamba pa nthawi yomwe ntchito ya upolisi inkakhazikika m'mizinda ikuluikulu. Gulu la apolisi a mzinda wa London lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1829, ndipo nthambi yake ya ofufuza idayamba m'chaka cha 1842 ndi anthu 8 okha. Kumudzi aliyense amadziwa mnzake, ndipo mlendo sabisika. Koma mumzinda wa anthu ochuluka wolakwa amangolowa m'khamu basi, wasowa. Chotero anthu a m'mizinda ankalakalaka munthu wotha kuona zimene ena sakuziona.

Woyamba kupeka munthu wotere m'njira imene alembi akutsatabe anali Edgar Allan Poe wa ku America. M'mwezi wa Epulo 1841 magazini ina ya ku Philadelphia idasindikiza nkhani yake yotchedwa The Murders in the Rue Morgue. M'nkhaniyi mayi ndi mwana wake wamkazi aphedwa m'nyumba yosanja mumzinda wa Paris, m'chipinda chokiyidwa cham'kati. Mboni zidamva mawu achilendo, koma mboni iliyonse idatchula chilankhulo chosiyana, ndipo iliyonse idatchula chilankhulo chimene iyo yomwe sinkachidziwa. Apolisi adagwira munthu wosalakwa. Pamenepo mkulu wina dzina lake Dupin adalingalira kuti mawu amene palibe mtundu wa anthu ukuwazindikira sangakhale a munthu. Atapenda zenera ndi ubweya umene udapezeka m'dzanja la wakufayo, adatulukira kuti wakupha anali nyani wamkulu wa mtundu wa orangutan, amene adathawa kwa mmalinyero wina.

Poe adalemba nkhani zitatu zokha za Dupin, koma zinthu zazikulu zonse zinali momwemo: mlandu wooneka wosatheka, munthu wosalakwa amene ali pangozi, wofufuza wodekha, ndi bwenzi lake losimba nkhaniyo.

Owerenga Atsopano

M'chaka cha 1870 nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo loti kumangidwe sukulu m'madera onse a England ndi Wales kumene zinali zosakwanira. M'chaka cha 1880 lamulo lina lidakakamiza makolo kutumiza ana kusukulu, ndipo m'chaka cha 1891 maphunziro oyamba adakhala aulere m'sukulu zambiri. Pasadapite nthawi yaitali, kudapezeka khamu la anthu odziwa kuwerenga amene makolo awo ambiri sadaonepo m'kalasi. Anthuwa anali akalaliki, ogulitsa m'masitolo, antchito a m'mafakitale ndi a m'nyumba. Anali ndi makobiri ochepa ndi nthawi yochepa, ndipo mabuku akuluakulu a anthu ophunzira ankawalemera.

Mkulu wina wamalonda, George Newnes, adaona njala imeneyi. M'chaka cha 1881 adayambitsa kanyuzi ka Tit-Bits, ka tinkhani tatifupi, pa mtengo wa kobiri limodzi. M'mwezi wa Januwale 1891 adayambitsanso magazini ya mwezi ndi mwezi yotchedwa The Strand, yokhala ndi zithunzi zambiri, pa mtengo wa theka la sheleni. Anthu ankaigula pa siteshoni ndi kumawerenga m'sitima popita kuntchito. Chimene magaziniyo inkasowa chinali nkhani yoti igwire mtima wa wowerenga kuti mwezi wamawa abwerenso.

Sherlock Holmes

Nkhani yotereyi idachokera kwa dokotala wina wachinyamata amene odwala sankabwera kwa iye kawirikawiri. Dzina lake linali Arthur Conan Doyle, wobadwira ku Edinburgh m'chaka cha 1859. Pamene ankaphunzira za udokotala anali ndi mphunzitsi, Joseph Bell, amene ankatha kudziwa ntchito ya wodwala ndi kumene wachokera pongoyang'ana manja, zovala ndi mayendedwe ake, wodwalayo asadatsegule pakamwa. Doyle adatenga luso limeneli nalipereka kwa munthu wopeka, Sherlock Holmes, wokhala pa nambala 221B mumsewu wa Baker Street ku London, pamodzi ndi bwenzi lake Dokotala Watson.

Tsiku limene awiriwa adakumana koyamba, Holmes adadziwa nthawi yomweyo kuti Watson wachokera ku nkhondo ya ku Afghanistan. Adaona kuti ndi dokotala koma amaima ngati msilikali, kuti nkhope yake ndi yopsa ndi dzuwa pamene khungu la pamkono nloyera, ndiponso kuti mkono wake wamanzere ndi wovulala. Zonsezi zinali poyera, koma Holmes yekha ndiye adaziphatikiza. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Buku loyamba la Holmes, A Study in Scarlet, lidatuluka m'chaka cha 1887, ndipo Doyle adalandira mapaundi 25 okha. Silidatchuke kwenikweni. Koma The Strand itayamba, Doyle adaganiza mwanzeru. Adaona kuti nkhani yaitali yogawidwa m'timagawo ili ndi vuto lakuti wowerenga akaphonya mwezi umodzi amasokonezeka, nataya mtima. Chotero adati bwenzi nkhani iliyonse ikutha mwezi womwewo, koma munthu wake akhale mmodzimodzi yemweyo miyezi yonse. Wowerenga watsopano angayambire paliponse, ndipo wakale amakhala ngati akuchezeredwa ndi bwenzi lake. Nkhani yoyamba yotere idatuluka m'mwezi wa Julaye 1891, ndipo ogula magaziniyo adachuluka kwambiri.

Imfa ya Holmes ndi Kubweranso Kwake

Chodabwitsa nchakuti Doyle mwini sankamuwerengera Holmes. Mtima wake unali pa nkhani za makedzana, monga za Walter Scott. Adalemba mabuku otere, monga Micah Clarke m'chaka cha 1889 ndi The White Company m'chaka cha 1891, ndipo ankakhulupirira kuti amenewa ndiwo adzasunga dzina lake. Ankadandaula kuti Holmes akumudyera nthawi. Atauza mayi ake omubala kuti akufuna kumupha m'nkhani, iwo adamuletsa kwamphamvu, ndipo iye adayamba waleka. Koma m'mwezi wa Disembala 1893 adachitadi zimene ankafuna. M'nkhani ya mwezi umenewo Holmes adalimbana ndi mdani wake wamkulu, Moriarty, pamwamba pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland, ndipo zidaoneka kuti onse awiri adagwera m'phompho.

Owerenga adakwiya ngati wawaphera mbale wawo. Makalata odandaula ndi ena achipongwe adafika kwa mlembi ndi kwa eni magazini. Doyle adaumitsa mtima zaka pafupifupi 8. Koma m'chaka cha 1901 adayamba kutulutsa The Hound of the Baskervilles, nanena kuti zimenezo zidachitika Holmes asadafe. Anthu sadakhutire. Potsiriza, m'chaka cha 1903, adalemba nkhani yofotokoza kuti Holmes sadagwere m'mathithi muja, koma adabisala pothawa adani ake. Kuyambira pamenepo adapitiriza kulemba za iye mpaka chaka cha 1927. Zonse pamodzi zilipo mabuku aatali 4 ndi nkhani zazifupi 56.

Apa mpamene padaonekera mphamvu ya owerenga. Mlembi adafuna china, owerenga adafuna china, ndipo owerenga adapambana. Chikondi chawo sichidathe ngakhale Doyle atamwalira m'chaka cha 1930. Pa nthawi imene iye ankalemba, manambala a nyumba za mu Baker Street sankafika pa 221. Manambala atasinthidwa, nambalayo idagwera pa maofesi a kampani ya Abbey National, ndipo makalata opita kwa Holmes ochokera m'maiko osiyanasiyana adachuluka, kotero kuti kwa zaka zambiri kampaniyo inali ndi kalaliki wowayankha.

Nzeru za M'buku pa Mlandu Weniweni

Wina angafunse kuti, kodi nzeru za m'nkhani yopeka zingathandize munthu wamoyo? Mlandu wa George Edalji ukuyankha. Edalji anali loya wachinyamata wa m'mudzi wa Great Wyrley ku England. Bambo ake anali m'busa wa mpingo wochokera ku India, ndipo anthu ena a m'deralo ankadana ndi banjalo chifukwa cha mtundu. M'chaka cha 1903 ziweto zidayamba kutemedwa usiku. Edalji adaimbidwa mlandu wotema kavalo, naweruzidwa kuti akhale m'ndende zaka 7. Adatulutsidwa atatha zaka zitatu, koma dzina lake lidatsala loipa, ndipo sankaloledwa kugwira ntchito yake.

Edalji adalembera kalata Doyle kupempha thandizo. Pokakumana naye pa hotela ina m'mwezi wa Januwale 1907, Doyle adamupeza akuwerenga nyuzi ataiyandikiza kwambiri kumaso. Pokhala dokotala, adazindikira kuti maso a mnyamatayo ndi ofooka kwambiri, ndipo kuti munthu wotere sakadatha kuyenda m'minda usiku wamvula, kudumpha mipanda, ndi kutema nyama osagwidwa. Adapenda umboni wonse, nalemba m'nyuzi zimene adapeza. Chaka chomwecho boma lidakhululukira Edalji, ngakhale silidamupatse chipukutamisozi. Mlandu umenewu udali umodzi mwa milandu imene idathandiza kuti m'chaka cha 1907 ku England kukhazikitsidwe bwalo lomva madandaulo a anthu oweruzidwa pa milandu yaupandu.

Agatha Christie ndi Mpikisano wa Mlembi ndi Wowerenga

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ili m'kati, mayi wina wa ku Torquay, Agatha Christie, ankagwira ntchito yosakaniza mankhwala pachipatala. Kumeneko adadziwa bwino mankhwala ochiza ndi akupha. Buku lake loyamba, The Mysterious Affair at Styles, lidatuluka m'chaka cha 1920. Wofufuza wake anali Hercule Poirot, wapolisi wopuma pantchito amene adathawa nkhondo ku Belgium. Pambuyo pake adapekanso Miss Marple, gogo wa m'mudzi waung'ono, amene amatulukira akupha chifukwa adakhala zaka zambiri akupenyetsetsa makhalidwe a anansi ake. Mayi Christie adalemba mabuku 66 a mtundu umenewu.

M'zaka zimenezo nkhani ya ofufuza idasanduka ngati chilape. Wophera mnzake chilape sayenera kunama, ndipo yankho liyenera kukhala lobisika m'mawu omwewo. M'chaka cha 1929 wansembe wina amenenso anali mlembi, Ronald Knox, adalemba malamulo 10 a nkhani zotere. Mwa ena adati wolakwa atchulidwe kumayambiriro kwa buku, mlandu usatulukiridwe ndi matsenga kapena mizimu, ndipo chizindikiro chilichonse chimene wofufuza wapeza chionetsedwenso kwa wowerenga. Apa mpamene pagona kukoma kwa mabukuwa. Wowerenga samangomvetsera ayi, koma amakhala ngati nduna ya pabwalo la milandu, kumva mbali zonse ndi kuyesa kuweruza mlembi asadaulule. Akalondola amakondwa, ndipo akaphonya amabwerera m'mbuyo kukaona pamene adapusitsidwa. Potero amawerenga buku kawiri popanda womukakamiza.

M'chaka cha 1935 kampani ya Penguin idayamba kugulitsa mabuku a zikuto zofewa pa mtengo wa theka la sheleni, ndipo a milandu anali ndi zikuto zobiriwira. Buku loyamba lija la Mayi Christie linali limodzi mwa mabuku 10 oyamba. Poirot atafa m'buku lotsiriza, m'chaka cha 1975, nyuzi ya New York Times idalengeza imfa yake pa tsamba loyamba, monga imachitira akamwalira munthu wotchuka.

Mitsinje Iwiri Ikumana

Doyle ankaona ngati nkhani za ofufuza ndi nkhani za makedzana nzosiyana ngati madzi ndi mafuta. Alembi a pambuyo pake adasonyeza kuti zingathe kuyendera pamodzi, pakuti wolemba mbiri nayenso ndi wofufuza. Amafunsa kuti: adanena zimenezi ndani, adaziona yekha kodi, nanga adapindulapo chiyani?

Mafunso amenewa ndiwo mtima wa buku la Josephine Tey la m'chaka cha 1951, The Daughter of Time. Wapolisi wofufuza, Alan Grant, wagona m'chipatala atathyoka mwendo. Posowa chochita, ayamba kufufuza mlandu wa m'chaka cha 1483, wa ana awiri a mfumu amene adasowa m'nyumba yachifumu ya Tower of London. Mabuku a sukulu ankaphunzitsa kuti adawapha ndi Mfumu Richard Wachitatu, mng'ono wa bambo awo. Grant apeza kuti nkhani yotchuka ya mlanduwo idalembedwa ndi Thomas More, amene anali mwana wa zaka 5 pamene zinkachitika, ndipo adalemba mu ulamuliro wa banja limene lidagonjetsa Richard. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Akatswiri a mbiri sadagwirizanebe za amene adapha anawo, koma bukulo lidaphunzitsa anthu ambiri kusakhulupirira chinthu chifukwa chakuti chasindikizidwa. Mafupa a Mfumu Richard adapezeka m'chaka cha 2012 mumzinda wa Leicester, pansi pa malo oimikapo magalimoto.

Amene adatchukitsa mabuku otsatizana a mtundu wophatikizawu anali Edith Pargeter, amene ankalemba ndi dzina lakuti Ellis Peters. Kuyambira 1977 mpaka 1994 adalemba mabuku 20 onena za Cadfael, mmonke wodziwa mankhwala azitsamba wa ku Shrewsbury, amene kale adali msilikali. Buku lachiwiri likusonyeza bwino mmene zoona ndi zopeka zimalukidwira pamodzi. Nzoona kuti m'chaka cha 1138 Mfumu Stephen adalanda linga la Shrewsbury ndi kupha asilikali amene ankalitchinjiriza. M'bukumo ophedwawo ndi 94, koma Cadfael powakonzera maliro awerenga mitembo 95. Wina wapha munthu pa zifukwa zake, nabisa mtembo pakati pa mitembo ya nkhondo. Akuluakulu afuna kuti nkhaniyo ingotha, koma Cadfael aumirira kuti ngakhale munthu mmodziyo ayenera chilungamo.

Ambiri atsata njira imeneyi. Lindsey Davis adayamba m'chaka cha 1989 kulemba za Falco, wofufuza wa mumzinda wa Rome wakale. C. J. Sansom, amene adaphunzira mbiri nagwiranso ntchito ya uloya, adalemba mabuku 7 kuyambira 2003 onena za Matthew Shardlake, loya wa linunda wa m'nthawi ya Mfumu Henry VIII. Sansom adamwalira m'chaka cha 2024.

Ofufuza a m'mabuku sadatsalire ku Ulaya kokha. Alexander McCall Smith, amene adabadwira ku Bulawayo m'chaka cha 1948 ndipo adaphunzitsapo za malamulo ku Botswana, adatulutsa m'chaka cha 1998 buku la The No. 1 Ladies' Detective Agency. Likunena za Precious Ramotswe, mayi amene adagulitsa ng'ombe zimene bambo ake adamusiyira, natsegula ofesi yofufuza milandu mumzinda wa Gaborone. Milandu yake yambiri si yakupha, koma ya amuna osowa, antchito osakhulupirika ndi achibale onyenga. Mabuku ake tsopano aposa 20.

Chenjezo ndi Phindu

Wowerenga nkhani za makedzana ayenera kukumbukira chinthu chimodzi. Mfumu Stephen adalikodi, koma Cadfael kunalibe. Mlembi ali ndi ufulu woika mawu m'kamwa mwa mfumu amene mfumuyo sidalankhulepo. Nchifukwa chake alembi okhulupirika amaika mawu kumapeto kwa buku ofotokoza zimene zili zoona ndi zimene apeka, ndipo wowerenga wanzeru sadumpha tsamba limenelo. Buku lotere limadzutsa chidwi cha mbiri, koma sililowa m'malo mwa buku la mbiri.

Phindu lake nlalikulu. Munthu amene akufunitsitsa kudziwa wakupha saima pa liwu lililonse lovuta. Amapitirira, ndipo liwulo akakumana nalo kachitatu amapeza kuti walidziwa. Buku lachiwiri la mndandanda womwewo limapepuka kuposa loyamba, popeza maina, malo ndi kalembedwe nzozolowereka kale. Motero maso amafulumira mwini wake osazindikira. Ndiponso amazolowera kusiyanitsa zimene mboni idaona ndi zimene idangomva, ndipo luso limeneli nlofunika pabwalo la mfumu, pamsonkhano, ndi powerenga nyuzi.

Akalaliki ndi antchito a ku London amene ankagula The Strand sanali anthu ophunzira kwambiri. Ambiri anali oyamba m'mabanja mwawo kudziwa kuwerenga. Koma chifukwa chakuti ankagula, kubwerekana ndi kupempha zina, osindikiza adatsitsa mitengo, ndipo mlembi wouma mtima adadzutsa munthu amene adamupha kale. Zimenezi zingachitike m'chilankhulo chilichonse. Kumene owerenga achuluka ndipo akufunsa buku lotsatira, alembi ndi osindikiza sachedwa kupezeka.